Tiyi, mapiritsi, jakisoni kapena opaleshoni: chimachepetsadi thupi n'chiti?

Mlamu wanga wa ku Chibavi anagula tiyi wochepetsa thupi kwa mayi wina wa pa WhatsApp. Sabata yoyamba sikelo inatsika ndi makilo awiri, iye n'kuyamba kutiuza tonse kuti tigule. Zimene sankanena n'zakuti usiku ankadzuka katatu kuthamangira kuchimbudzi chapanja, m'mwezi wa June, chisanu cha Mzuzu chili pachimake. Atasiya, makilo aja anabwerera pasanathe masabata awiri. Tiyi wambiri wotereyu amakhala ndi senna, chomera chotsegula m'mimba, ndiye chimachoka ndi madzi, mafuta ali phee. Mu tiyi ndi makapisozi ena munapezekapo sibutramine, mankhwala amene anachotsedwa pamsika ku Ulaya ndi ku America mu 2010 chifukwa ankaika anthu pachiopsezo cha matenda a mtima ndi sitiroko. Tiyi ndamuika pansi penipeni, sindibwererakonso.

Kuti njira zinazo tiziyeze bwino, tidziwe kaye amene tikulimbana naye. Thupi limalondera mafuta ake ngati nkhokwe ya chaka cha njala. Mafutawo amatulutsa homoni yotchedwa leptin, imene inatulukiridwa mu 1994, youza ubongo kuti nkhokwe ilipo yokwanira. Chifu nacho chimatulutsa ghrelin, yotulukiridwa ku Japan mu 1999, yobweretsa njala. Ukachepa thupi leptin imatsika, ghrelin imakwera, thupi n'kuyambanso kuwotcha chakudya moumira. N'chifukwa chake munthu wosiya nsima yamadzulo amapirira mwezi, kenako umamupeza pachiwaya cha tchipisi ku Katoto. Si ulesi wokha ayi. Pali za kumtundu, palinso chithokomiro chikamagwira ntchito mofooka, ndi mankhwala ena: prednisolone, jakisoni wolera wa Depo kwa amayi ena, ngakhale dolutegravir amene ali m'ma ARV a TLD. Apa ndipemphe: musasiye ARV chifukwa cha mimba. Kambiranani ndi adokotala.

Madokotala amati munthu wanenepa kwambiri BMI, nambala yoyerekezera kulemera kwa munthu ndi kutalika kwake, ikafika 30. Wamtali mamita 1.6 wolemera makilo 82, yake ndi 32.

Pa mapiritsi, metformin ndi amene ali pafupi nafe, amene odwala shuga amalandira kuchipatala. Ngwotchipa, ngwodziwika kalekale, koma ntchito yake ndi shuga. Thupi amachotsako makilo awiri kapena atatu basi, ndipo masiku oyamba amavutitsa m'mimba. Amene ali ndi shuga komanso thupi lalikulu amapindula pawiri. Wopanda shuga asayembekezere kusintha saizi ya siketi.

Orlistat amagwira m'matumbo: amatchinga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mafuta a m'chakudya kuti asalowe m'thupi. Mafutawo amatuluka momwemo, ndipo nthawi zina sapempha chilolezo. Mukadya kanyenya ndi mandazi masana, ulendo wa pa minibasi wopita ku Ekwendeni musauyambe. Makilo amene amachoka ndi ochepa, ndipo amasokoneza mavitamini ena monga A ndi D. Ubwino wake ndi woti amakulanga pompopompo mpaka uphunzire kuchepetsa mafuta mumphika.

Jakisoni ndiye wabweretsa phokoso. Semaglutide, wogulitsidwa ndi mayina a Ozempic ndi Wegovy kuchokera ku kampani ya Novo Nordisk ya ku Denmark, amabayidwa kamodzi pasabata. Amatsanzira homoni ya m'matumbo yotchedwa GLP-1, youza ubongo kuti wakhuta, ndiye amalimbana ndi njala ija pagwero pake. Pa kafukufuku wamkulu wofalitsidwa mu 2021, anthu anachepa pafupifupi 15 peresenti ya kulemera kwawo m'masabata 68. Tirzepatide, wotchedwa Mounjaro, amafika cha m'ma 20 peresenti. Palibe piritsi m'mwambamu lofikako. Koma werengani mbali inayo. Amene anasiya semaglutide, patatha chaka anali atabweza pafupifupi magawo awiri mwa atatu a makilo amene anataya. Tanthauzo lake, si mankhwala a miyezi itatu yokonzekera ukwati. Ndi a zaka, monga a BP, ndipo ndalama yake ndi ya mwezi ndi mwezi, pa mankhwala ochokera kunja ogulidwa ndi ndalama zakunja. Chobayira chake, chooneka ngati cholembera, chikakhala chosatsegula chimafuna filiji, ndiye muganizire masiku amene magetsi amathima tsiku lonse. Nseru, kusanza ndi kudzimbidwa n'zofala poyamba, ndipo woyembekezera kapena wofuna pakati sayenera kubaya. Achinyengo nawo sanagone: mu June 2024 bungwe la WHO linachenjeza za Ozempic wabodza. Wogula kwa munthu wobwera naye m'chikwama kuchokera ku Joni sadziwa chimene akudzibaya, kapena kuti chinatentha masiku angati m'basi.

Opaleshoni imaposa zonse. Pa yotchedwa sleeve, madokotala amadula pafupifupi 80 peresenti ya chifu, ghrelin n'kutsika nayo, ndipo ambiri amachepa 25 mpaka 30 peresenti, ena shuga n'kukhazikika. Chifu chodulidwa sichibwerera. Pamafunika mavitamini monga B12 ndi ayironi moyo wonse, ndi dokotala wokutsatira ukabwerako ku South Africa kapena ku India. Ndi ya munthu amene thupi lamufikitsa pangozi, osati wofuna kukwana m'suti.

Ine ndikanakhala ndi shuga, BMI yoposa 30 ndi thumba lopirira zaka, ndikanasankha jakisoni, wolembedwa ndi dokotala, wogulidwa ku famase yovomerezedwa ndi PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala m'Malawi. Kwa ambiri a ife, chotheka ndi chija chosasangalatsa kumva: kuchepetsa mitanda ya nsima, kusiya zakumwa zashuga, kuyenda pansi m'malo mokwera kabaza. Chimachotsa mwina makilo asanu pa 100 alionse, koma amenewo okha amatsitsa shuga ndi BP mooneka.

Mlamu uja anapita kukayezetsa, n'kupezeka kuti shuga wake wakwera. Pano ali pa metformin, ndipo amayenda wapansi kuchoka ku Chibavi kukafika kumsika waukulu. Wachepa makilo anayi. Paketi yotsala ya tiyi ikadali pamwamba pa kabati, akuti akusungira aliyense wodzimbidwa.