Hayala yochokera pa hotela ku Rome mpaka pa doko la Civitavecchia: nyenyezi 4 mwa 5

Tikiti ya sitima yapamadzi ikalembedwa kuti "Rome", dziwani kuti sitimayo simukaipeza mu Rome. Imakocheza ku Civitavecchia, makilomita pafupifupi 80 kumpoto chakumadzulo kwa mzindawu. Ndemanga iyi ndi ya galimoto ya hayala yosungitsiratu pa intaneti, yodzakutengani pa hotela n'kukakutulani pomwe paima sitima. Yomwe ikukambidwa pano inali Mercedes V-Class, yomwe inanyamula anthu anayi, masutikesi akuluakulu anayi ndi zikwama za m'manja zinayi, kuchokera ku Trastevere, dera lina la m'kati mwa Rome, Loweruka m'mawa m'mwezi wa June. Ndaipatsa nyenyezi zinayi. Yachisanuyo yatayikira pa fomu ya pa intaneti ndi pa mauthenga a kampani. Dalaivala alibe mlandu.

Ndalama yambiri ya hayala imeneyi mukulipirira geti la doko. Doko la Civitavecchia ndi lalikulu kwambiri moti munthu wokoka sutikesi sangayerekeze kukafika wapansi pa sitima yake. Sitima zambiri zimaima m'mbali mwa khoma lalitali lotchinga mafunde, pa malo a nambala 10 mpaka 13, komwe kulinso nyumba yolandirira apaulendo ya Amerigo Vespucci yomwe inatsegulidwa mu 2018. Zina zimaima pa nambala 25, kutali ndithu chakumpoto. Galimoto yopanda chilolezo cholowera m'doko imathera pa Largo della Pace, malo okwerera basi ya doko omwe ali kunja kwa geti. Pamenepo mutsitsa katundu, muima pa mzere, mukweza katunduyo m'basi yaulere ya doko, mukatsitsanso kutsogolo. Basiyo imagwira ntchito yake bwino, koma tsiku loti pakocheza sitima zinayi kapena zisanu mzere wake umatalika, ndipo dzuwa la June silichitira chisoni agogo kapena khanda. Vuto n'lakuti makampani ena amalemba "Civitavecchia Port" pa maulendo onse awiri, wothera kunja ndi wolowa m'kati. Mtengo ukaoneka wotsika modabwitsa, kawirikawiri chifukwa chake n'chimenechi. Musanalipire lemberani kampaniyo funso limodzi: kodi galimoto ikafika pa sitima penipeni, kapena ikathera pa Largo della Pace? Yankho libwere lolembedwa. Kampani iyi inayankha momveka kuti ikafika pa sitima, ndipo inafikadi.

Galimoto za hayala zovomerezeka ku Italy amazitchula NCC. Mumaizindikira ndi kachitsulo kakang'ono kumbuyo, pafupi ndi nambala ya galimoto, kolembedwa zilembo zitatuzo, nambala ya laisensi ndi dzina la khonsolo yomwe inapereka laisensiyo. Pamwamba pake palibe nyali ya takisi, m'kati mulibe mita, mtengo ndi womwe munagwirizana. Laisensi yomweyi ndi imene imailola kulowa m'misewu ya m'kati mwa mzinda yotchedwa ZTL, momwe galimoto wamba ikalowa kamera imaijambula n'kutumiza chindapusa. Mukaona galimoto yabwera yopanda kachitsuloko, imbani foni ku kampani musanakweze chilichonse.

Fomu ya pa intaneti ndi pomwe anthu ambiri amapunthwa, ndipo ya kampani iyi siinathandize. Imawerenga mitu ya anthu n'kukusankhirani galimoto, katundu osamufunsa bwino. Mukalemba anthu atatu imakupatsani Mercedes E-Class. Anthu atatu amakwanamodi, koma buti yake imameza masutikesi akuluakulu awiri ndi tizikwama tiwiri, basi. Pamene ulendo wa masiku 7 kapena 10 pa sitima, kuphatikiza masiku angapo ku Rome, umafuna sutikesi ya makilogalamu 23 munthu aliyense. Yachitatuyo ikasowa malo, dalaivala saloledwa kuiunjika pa mpando momwe timachitira m'minibasi. Aitanitsa galimoto yaikulu, mudikira, mulipira zowonjezera. Choncho anthu atatu a masutikesi atatu asankhe V-Class kapena Vito kuyambira pachiyambi. Kusiyana kwa mtengo n'kochepa poyerekeza ndi kulephera kunyamuka pa nthawi. V-Class nayo ili ndi malire ake: anthu 7 a masutikesi akuluakulu 7 sakwana bwino, chifukwa mipando yakumbuyo ikadzaza malo a katundu amachepa. Njinga ya olumala ndi kangolo ka mwana muziziwerenga ngati sutikesi yathunthu. Mpando wa mwana dalaivala sayenda nawo tsiku lililonse. Muupemphe pa fomu, mutchule zaka ndi kulemera kwa mwanayo.

Dzina la sitima lilembedwe lonse. "MSC" kapena "Costa" ndi dzina la kampani, ndipo kampani imodzi imatha kukhala ndi sitima ziwiri pa doko tsiku limodzi. MSC Seaview ndi MSC Seaside n'zosavuta kuzisokoneza pa foni. Dalaivala amaona ndandanda ya doko m'mawa wa tsikulo kuti adziwe nambala ya malo pomwe sitima yanu yaima, ndipo amafufuza ndi dzina. Deti nalo muliyang'ane kawiri. Ku Italy amayamba ndi tsiku kenako mwezi, monga kwathu, koma masamba ena ogulitsira maulendowa ndi a ku America ndipo amayamba ndi mwezi. Pa masamba otero 06/07 ndi 7 June, pamene kwa dalaivala wa ku Rome ndi 6 July. Imelo yotsimikizira ikafika, onani kuti mwezi walembedwa m'mawu.

Nthawi yonyamukira musaiwerengere pa ola lomwe sitima ikuchoka. Sitima yochoka 6 koloko madzulo imatseka kulandira anthu kale, nthawi zambiri ola limodzi ndi theka kapena maola awiri isananyamuke, ndipo chikalata chanu chokwerera chimakhala ndi nthawi yanuyanu yofikira. Yambirani pamenepo kubwerera m'mbuyo. Msewu ukakhala wabwino, kuchoka m'kati mwa Rome kukafika pa geti la doko ndi ola limodzi ndi mphindi 15 kapena 20. Onjezani mphindi 10 za m'kati mwa doko ndi theka la ola la zosayembekezeka. Wopatsidwa 12 koloko masana auze galimoto kuti ibwere 10 koloko. Pa ulendo uwu galimoto inanyamuka 10:05 n'kuima pa sitima 11:30. Kulawirira mopitirira sikupindulitsa, chifukwa m'mawa sitima imakhala ikutsitsa a ulendo wapitawo ndipo mukhoza kukakhala pa benchi maola awiri.

Theka la ola lija limadyedwa ndi zinthu zodziwika. Lachitatu m'mawa Papa akakhala ndi msonkhano wa anthu onse pa bwalo la St Peter, misewu yozungulira Vatican imathina, chimodzimodzinso Lamulungu chakumasana nthawi ya pemphero la Angelus. Loweruka ndi Lamulungu m'miyezi yotentha anthu a ku Rome amakhamukira ku gombe, ku Ladispoli, Santa Severa ndi Santa Marinella, ndipo njira yawo ndi yanu yomweyo, A12 kapena Via Aurelia. Masiku a ntchito, pakati pa 7 ndi 9 koloko m'mawa, msewu waukulu wozungulira mzinda umene amautchula GRA umayenda pang'onopang'ono. Tsiku la mpikisano wothamanga wa Rome Marathon, womwe umachitika cha m'mwezi wa March, misewu yambiri ya m'kati imatsekedwa. Kampani yodziwa ntchito imakuuzani yokha kuti nthawi yomwe mwasankha ndi yothina. Iyi inangolandira zomwe zinalembedwa pa fomu.

Dandaulo lalikulu lili pa malo okumanirana. Fomu imalonjeza kudzakutengani pakhomo pa hotela. Ku Trastevere, ngakhalenso kuzungulira Pantheon ndi Campo de' Fiori, tinjira tambiri n'topapatiza moti galimoto ya mamita 5 siingakhote, tina n'ta oyenda pansi okha. Laisensi ya ZTL siikulitsa msewu. Uthenga woti galimoto idzaima pa kabwalo kena, mamita pafupifupi 150 kuchokera pa hotela, unabwera 9 koloko usiku woti mawa ndi ulendo. Mamita 150 amamveka ochepa mpaka mutayamba kukoka sutikesi pa timiyala takuda ta misewu ya ku Rome totchedwa sampietrini. Mateyala a sutikesi amalowa m'mipata ya timiyalato, sutikesi imapendekeka, chogwirira chimanjenjemera m'manja, ndipo teyala lapulasitiki lotchipa limatha kuthothokera pomwepo. Dalaivala anasiya galimoto n'kubwera wapansi kudzanyamula awiri mwa masutikesiwo, zomwe n'zoyamikika, koma kampani inali ndi adiresi kwa milungu itatu. Ikananena msanga, a hotela akanakonzeratu wothandiza. Ngati muli ndi munthu wovutika kuyenda, funsani a hotela tsiku lomwe mwafika kuti galimoto zazikulu zimaima pati, kenako tumizani dzina la malowo ku kampani.

Pa adiresi, lembani msewu ndi nambala ya nyumba, osati dzina la hotela lokha. Malo ogona ambiri ku Rome ali m'nsanjika yachitatu kapena yachinayi ya nyumba zakale, pakhomo pali kabelu kokha ndi kadzina kakang'ono. Dalaivala sakwera m'mwamba kukakufunani. Chikepe cha m'nyumba zoterezi chimatenga munthu mmodzi ndi sutikesi imodzi, choncho banja la anthu anayi liyambe kutsitsa katundu mphindi 20 galimoto isanafike. Msonkho wa alendo wa mzinda wa Rome, womwe mu October 2023 unaikidwa pa ma euro 6 pa munthu usiku uliwonse m'hotela ya nyenyezi 3 ndi 7.50 m'ya nyenyezi 4, muulipiriretu usiku. M'mawa pa kauntala pamakhala mzere, pamene kampani iyi imadikira mwaulere mphindi 15 zokha.

Kulankhulana konse ndi dalaivala kumachitikira pa WhatsApp. Dzina lake, nambala ya foni ndi nambala ya galimoto zinabwera madzulo. Amene mwachokera kumudzi ndi simu ya kwathu, onetsetsani kuti nambala yomwe mwalemba pa fomu ili ndi +265 ndipo ndi yomwe ili pa WhatsApp. Mukangotuluka pakhomo pa hotela intaneti yawo imaduka, ndiye ngati mulibe bandulo ya ku Ulaya simumvananso ndi dalaivala amene waima kuseri kwa kona. Jambuliranitu uthenga wake ndi mapu a malo okumanirana. Pa kalipiridwe, khadi la banki ya kwathu limatha kukanidwa chifukwa cha malire a ndalama zakunja, kapena nambala yachinsinsi yotsimikizira imapita pa simu yomwe ku Italy siikugwira. Lipirani musananyamuke kumudzi, apo ayi sankhani kampani yolola kupereka ma euro kwa dalaivala.

Mtengo ndi wa galimoto yonse, osati pa munthu. Mitengo yomwe makampani ambiri amatchula imayenda pakati pa ma euro 130 ndi 200, malinga ndi kukula kwa galimoto ndi nyengo. Wa ulendo uwu unaphatikiza msonkho ndi zolipira pa zipata za msewu wa A12, ndipo palibe khobidi lomwe linawonjezedwa pofika. Makampani ambiri amakweza mtengo pa maulendo a usiku, ndipo lamulo lobwezera ndalama mukasintha maganizo limasiyana, ena maola 24, ena 48. Kangachepe ka dalaivala sikokakamiza ku Italy, koma amene wakunyamulirani masutikesi pa sampietrini ma euro 10 amamuyenera.

Pa msewu panalibe chodandaulitsa. Galimoto inafika mphindi 10 nthawi isanakwane, yaukhondo, mpweya wozizira ukugwira mpaka mipando yakumbuyo. Pa zipata zolipiritsa inadutsa osaima pa mzere wa Telepass, wa magalimoto okhala ndi kachipangizo kolipirira. Pa geti la doko alonda amatha kufunsa chikalata chokwerera sitima, choncho icho ndi mapasipoti zikhale m'chikwama cha pamiyendo, zisakhale m'buti pansi pa masutikesi anayi. Timapepala ta pa katundu tomwe kampani ya sitima imatumiza, tokhala ndi dzina lanu ndi nambala ya chipinda, tisindikizeni ndi kutimangirira musanachoke pa hotela. Pemphani sitepula pa kauntala. Mukangotsika galimoto, onyamula katundu amatenga masutikesi nthawi yomweyo, ndipo mudzawaonanso pakhomo pa chipinda chanu patapita maola angapo, mwina madzulo. Mankhwala, chaja ndi zovala zosinthira za mwana zitsale m'manja.

Munthu mmodzi kapena awiri opepukidwa katundu hayala iyi siyowayenera. Sitima yapamtunda yochokera pa masiteshoni a mu Rome a Termini, Ostiense, Trastevere kapena San Pietro imafika ku Civitavecchia pa ola limodzi ndi mphindi zochepa, tikiti yake yosakwana ma euro 10. Kungoti kuchoka pa siteshoni mukwerabe basi kapena muyenda kupitirira kilomita kukafika pa Largo della Pace, ndipo sitalaka za ogwira ntchito za mtengatenga ku Italy zimachitika kawirikawiri. Ubwino wake amazilengezeratu, ndiye fufuzani deti lanu. Anthu akakwana anayi, ma euro 40 kapena 45 aliyense kuchoka pa hotela mpaka pa sitima ndi mtengo wabwino, makamaka pakakhala wachikulire kapena khanda.

Ulendo wobwerera ndi oda ina, siulowa wokha. Pousungitsa musalembe ola lomwe sitima ikocheze. Sitima yofika 7 koloko m'mawa imatulutsa anthu m'magulumagulu, ndipo nthawi ya gulu lanu mumaidziwa kutatsala tsiku limodzi kapena awiri, ndi kapepala ka mtundu komwe amakupatsani m'chipinda. Kwa ambiri 9 koloko ndi nthawi yabwino yoitanira galimoto. Opita ku bwalo la ndege la Fiumicino awerengere ola limodzi la pa msewu, ndipo pa fomu alembe nambala ya ndege ndi nthawi yake yonyamukira.