Zipangizo za pamalo oponyera voti: zolimba ndi zofooka zake

Amene wadzipereka kukathandiza pa chisankho cha makhansala amapatsidwa katundu wofanana pafupifupi kulikonse: bokosi loonekera mkati, timaloko tapulasitiki ta manambala, inki yosafufutika, chidindo, kachipinda kakatoni kovoteramo, nyale ndi mafomu a zotsatira. Katunduyu ndi wabwino ndithu, koma amafuna munthu womudziwa.

Bokosi lilibe vuto. Lionetseni kwa oimira zipani lili lopanda kanthu, mangani timaloko m'mbali mwa chivundikiro, ndipo manambala ake alembedwe pafomu onse akuona. Kaloko kakamangidwa sikamasukanso, kamachita kudula, choncho kokani mpaka kathine. Kakalobodoka, chivundikiro chimatukuka moti pepala likhoza kulowa. Sungani kamodzi kodzatsekera kabowo koponyerapo mavoti kuvota kukatha.

Pa inki m'pamene ambiri amalakwitsa. Mtundu umene umaoneka poyamba ndi utoto chabe. Chodetsa chala kwenikweni ndi mankhwala a silver nitrate, omwe amada akakhudza khungu n'kuombedwa ndi kuwala. Mafuta odzola amawatchinga, n'chifukwa chake chala chiyambe chapukutidwa ndi kansalu kouma. Khutchumulani botolo musanatsegule. Inkiyo ifike pomwe chikhadabo chakumana ndi khungu, chifukwa pakhungu pokha imafufutika pakapita masiku ochepa, pomwe pachikhadabo imakhala milungu. Wovota adikire masekondi ngati 30 kuti iume. Akagwira pepala inki ikadali yaiwisi, kadontho kake kamaoneka ngati wachonga kawiri, ndipo usiku powerenga pamabuka mkangano pa voti ya munthu wosalakwa. Botolo likhale patebulo lakelake, lotseka, kutali ndi mapepala ovotera. Inki ya m'cholembera ndi yaukhondo, koma ikasiyidwa yosatseka imauma msanga.

Chidindo musachipeputse: malamulo a mayiko ambiri salola kuwerenga pepala losadindidwa kumbuyo. Dindani limodzilimodzi pomwe mukupereka, osati buku lonse la mapepala ovotera nthawi imodzi, kuti otsala asasokoneze chiwerengero.

Chofooka kwambiri ndi kachipinda kakatoni. Mphepo imakagwetsa, chinyezi chimakafewetsa. Katsindireni pansi ndi chinthu cholemera, mangirirani cholembera ndi chingwe, ndipo kaimikeni moti wovota asaonedwe pomwe akuchonga, ngakhale kudzera pawindo. Nyale nayo siyodalirika kwenikweni. Kuwerenga kumafika usiku, ndiye iyeseni dzulo lake, muone ngati mabatire apadera alipo.

Mafomu okhala ndi makope angapo amafuna kudinikiza cholembera patebulo lolimba, apo ayi kope lapansi, lomwe oimira zipani amatenga, silioneka. Musanalembe chilichonse werengetsani: mapepala operekedwa kwa ovota n'kuponyedwa m'bokosi, owonongeka asanaponyedwe, ndi otsala, onse pamodzi afanane ndi omwe munalandira m'mawa. Akasiyana ngakhale ndi limodzi, werenganinso timapepala totsalira m'mabuku pong'amba mapepala ovotera, musanadule timaloko.