Ndinakhala m'mawa utatu m'kalasi ya Sitandade 2 pa Dedza boma

Ine ndimasoka pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika wa Dedza boma. Ukafika mwezi wa Ogasiti makina anga sapuma chifukwa cha mayunifomu, ndipo makolo akamadikira kuti ndimalize kuyeza mwana, funso lawo limakhala limodzimodzi: "Mayi, wanu mumamuphunzitsa kuti? Kodi za boma zija zikuthandizabe?" Nthawi zonse ndimayankha mwachidule poti ntchito imakhala ili m'manja. Lero ndafuna ndiyankhe mokwanira. Dzina la sukuluyo sinditchula, chifukwa muli zodandaula zingapo m'zimene ndilembe, ndipo sindikufuna kuti aphunzitsi amene ndikuwathokoza avutike chifukwa cha ine. Ndi sukulu ya pulaimale ya boma, ya pa boma pomwe pano, yoti mwana amayenda wapansi.

Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 7. Sitandade 1 anaphunzira pa pulaiveti ina, koma fizi itakwera kawiri m'chaka chimodzi ndinagonja. Anachoka kumeneko akudziwa nyimbo zambiri za Chingerezi, akuloweza ABC mpaka kumapeto, koma ukamulembera "mbuzi" papepala ankangokuyang'ana. Ndinamusamutsa mtima uli m'mwamba, poti aliyense ankandiuza kuti ku boma mwana amasochera m'chigulu.

Mu Juni, teremu yachitatu ili mkati, ndinapita kwa ahedi kukapempha kuti ndikakhale nawo m'kalasi. Anadabwa, anati makolo ambiri amangobwera mwana akamenyedwa ndi mnzake kapena tsiku lotenga lipoti, koma anandilola. Ndinatseka makina m'mawa utatu wotsatizana. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Amene munakhalako ku Dedza mu Juni mukudziwa kuti 7 koloko m'mawa phiri silioneka, chifunga chimakhala chitatsikira mpaka pa msewu wa M1, ndipo mphepo yake imalowa mpaka m'mafupa. M'kalasi ya Sitandade 2 mulibe desiki ngakhale imodzi. Muli tebulo ndi mipando iwiri ya aphunzitsi basi. Ana amakhala pa simenti, ndipo simentiyo inakumbika malo ambiri moti fumbi limachokera pansi pomwepo. Mazenera ndi a zidina zobowola zija, opanda galasi, choncho mphepo imangodutsa. Ndinakhala pansi kumbuyo kwenikweni, nditayala chitenje, ndipo isanakwane ola miyendo inali itachita dzanzi. Ana ena amabwera ndi chiguduli chokhalira, ena amavula juzi n'kukhalira, kenako n'kumanjenjemera. Kope amaliika pa bondo kapena pansi, n'kuwerama mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda pepala. Kunyumba ndinkamukalipira mwana wanga kuti amalemba mokhotakhota. Tsiku limenelo ndinamvetsa, ndipo ndinasiya.

Tsiku loyamba ndinawerenga mitu 97. Madamu anandiuza kuti m'kaundula muli mayina 112. Boma limanena kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60, ndipo kalasi imeneyi ili ndi aphunzitsi awiri, ndiye papepala zili bwino. Vuto la sukulu za pa boma si aphunzitsi kwenikweni, poti ambiri amafuna kukhala pafupi ndi magetsi, chipatala ndi banki. Chosowa ndi zipinda. Aphunzitsi awiriwo amagawana chipinda chimodzi: wina akamaphunzitsa, mnzake amakhala pa tebulo akuchonga makope kapena amayenda pakati pa ana. Kukanakhala chipinda china, ana akanagawidwa pawiri tsiku lomwelo popanda kulemba ntchito munthu wina aliyense. Zimenezi zinandipweteka kuposa kuzizira, chifukwa theka la yankho lili kale pasukulupo, likungosowa njerwa ndi malata.

Sindikunyoza sukulu yaulere ayi. Ineyo ndinayamba Sitandade 1 mu 1994, chaka chomwe boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulaimale, ndipo ana m'dziko muno anachoka pa mamiliyoni awiri osakwana n'kufika pafupifupi mamiliyoni atatu m'kanthawi kochepa. Kwathu cha ku Bembeke tinaphunzira pansi pa mtengo, ndi mphunzitsi amene anali asanapite ku koleji. Pakanapanda chaka chimenecho bambo anga sakananditumiza, ndipo lero sindikanatha kulemba miyezo ya makasitomala m'kope. Walira mvula walira matope, n'zoona. Koma zaka zoposa 30 zadutsa, ndipo mwana wanga wakhala pansi ngati momwe ndinakhalira ine.

Tsopano za kaphunzitsidwe, zomwe ndi zimene ndinapitira.

Madamu amene amaphunzitsa Chichewa ndi mayi wachikulire ndithu, wa mawu osakweza. Poyamba ndinkati ana 97 sangawamve. Koma ali ndi njira yawo. Akafuna bata sakuwa, amawomba m'manja katatu, ana n'kuyankha kuwomba katatu, kalasi yonse zii. Tsiku limenelo ankaphunzitsa phatikizo la "nkh". Anayamba okha: anatchula liwulo pang'onopang'ono, akuloza pakamwa pawo kuti ana aone, n'kulemba pa bolodi nkha, nkhe, nkhi, nkho, nkhu. Kenako anatchula limodzi ndi ana onse. Kenako anakhala chete, ana n'kutchula okha, mzere ndi mzere, kenako awiriawiri, wina kuuza mnzake. Atatero anafunsa mawu amene ali ndi liwu limeneli, ndipo manja anali m'mwamba ponseponse: nkhuku, nkhuni, nkhono, nkhwani. Mnyamata wina anati "nkhondo", madamu n'kumufunsa kuti m'mawu akewo muli maphatikizo angati, iye n'kuwomba m'manja kawiri, nkho-ndo. Anzake anamuwombera m'manja, ndipo nkhope yake sindidzaiiwala.

Anandiuza pa buleki kuti imeneyi ndi njira ya pulogalamu ya boma ya kuwerenga, NRP, imene inayamba mu 2016: mwana ayambe wadziwa liwu la chilembo, kenako aphatikize, kenako apange mawu, ndipo mphunzitsi achite yekha, achite ndi ana, kenako ana achite okha. Ife kale tinkangoimba a e i o u mpaka mawu kusasa, osadziwa kuti tikuimbiranji. Njira iyi ndaiona ndi maso anga kuti imagwira. Mwana wanga amene sankatha "mbuzi" mu Seputembala, pofika Epulo ankawerenga zikwangwani za m'misika ndi mayina a pa minibasi zopita ku Lilongwe ndi ku Ntcheu. Tsiku lina anatenga kope langa la miyezo n'kuwerenga "chiuno", "phewa", "mkono", n'kundifunsa chifukwa chake ndinalemba "siketi" kawiri.

Masamu amaphunzitsa madamu achiwiri, achitsikana, amene anandiuza kuti anaphunzira uphunzitsi ku St Joseph's kwathu ku Bembeke. Alibe zipangizo zogula. Mwana aliyense ali ndi kathumba ka zitsekerero za mabotolo ndi timitengo tomanga khumikhumi ndi mphira. Pochotsera 8 pa 23, ana amamasula mtolo umodzi wa khumi n'kuona ndi maso kuti "kubwereka" kuja kumatanthauza chiyani. Ine ndinamaliza pulaimale ndikubwereka osadziwa kuti ndikubwereka kwa yani. Pa khoma pali matchati olembedwa pamanja kuseri kwa makalendala akale ndi makatoni a sopo. Aphunzitsi amati zimenezi ndi TALULAR, kutanthauza kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pamalo pomwepo. Matchatiwo amawachotsa tsiku lililonse poweruka chifukwa chitseko chilibe loko.

Chimene chinandidetsa nkhawa ndinachiona chifukwa chokhala kumbuyo. Kuchokera kumeneko bolodi silioneka bwino. Linayera chifukwa cha kukalamba, ndipo choko choyera pa bolodi loyera m'chipinda cha mdima n'chovuta ngakhale kwa munthu wamkulu. Ana a mizere itatu yakumbuyo amatsegula pakamwa limodzi ndi anzawo, koma ukamvetsera bwino amangotsatira phokoso. Mtsikana amene anakhala pafupi nane ankakopera m'kope la mnzake, mnzakeyonso akukopera kwa wina, ndipo pofika kwa iye "nkhuni" inali itasanduka "nkuni". Ambiri a kumbuyoko ndi ana okulirapo, obwereza kalasi, ena a zaka 10 kapena 11, amene amachita manyazi kukhala kutsogolo ndi tiana. Ena ndi ochedwa, amene amayamba atunga madzi kapena kuperekeza mayi awo ndi thumba la kachewere kumsewu.

Madamu a Chichewa akulidziwa vutoli. Lolemba lililonse amasintha mizere, akumbuyo kubwera kutsogolo, ndipo ana asanu kapena asanu ndi mmodzi amene atsalira kwambiri amatsala nawo mphindi zingapo anzawo akaweruka, popanda kulipiritsa. Ndinawafunsa ngati kalasi iliyonse imatero. Anangoti, "Aliyense ali ndi mtima wake, mayi." Choncho kholo lidziwe kuti pasukulu imodzi yomweyo mwana akhoza kupeza mphunzitsi wotere chaka chino, chaka chamawa n'kupeza wina wongolemba pa bolodi n'kukhala pansi. Pa masiku atatu aja ndinaona kalasi ina yoyandikana nayo ikungosokosera pafupifupi ola lathunthu popanda wamkulu aliyense, ndipo phokoso lake linkalowa mwathu chifukwa khoma silifika kudenga.

Mabuku ndi ochepa. Buku limodzi la Chichewa ankagwirizira ana anayi kapena asanu, wina akuliona chadodolido, ndipo sapita nalo kunyumba. Makope amachongedwa, koma osati tsiku lililonse, ndipo sindingawadzudzule: makope 97 pa phunziro limodzi, maphunziro angapo pa tsiku. Chingerezi ndi chimene chili chofooka. Ana amayankha bwino moni ndi ziganizo zoloweza, koma ukasintha funso pang'ono amasowa chonena. Izi zikundidetsa nkhawa chifukwa kuyambira Sitandade 5 maphunziro onse kupatula Chichewa amakhala m'Chingerezi, ndipo mayeso a MANEB a Sitandade 8, amene amasankhira ana opita ku Fomu 1, amadalira chomwecho. Pamenepa pulaiveti ija inali patsogolo, ndivomere.

Zimbudzi zilipo, za anyamata pazokha, za atsikana pazokha, koma n'zochepa ndipo pa buleki pamakhala mzere wautali. Chidebe chosambira m'manja ndinachipeza ndi madzi masiku awiri, tsiku lachitatu chinali chouma. Sopo sindinamuone. Chikwapu sindinachione m'kalasi imeneyi, ochedwa amatola zinyalala pabwalo. Bwalo ndi lalikulu, losesedwa bwino, ndipo ana amasewera fulaye ndi mpira wachikulunga mosangalala. Mpanda palibe, moti njinga za kabaza zimadutsa pakati pa sukulu ana akusewera. Zimenezi komiti ya sukulu iyenera kuziona msanga.

Ndiye kwa amene mumandifunsa pakhonde paja, yankho langa ndi ili. Ngati mukufuna kuti mwana adziwe kuwerenga Chichewa ndi kumvetsa masamu, kalasi imene ndinaiona ikuchita zimenezo bwino kuposa kumene ndinkalipira. Ngati mwana wanu ndi wamanyazi, wosaona patali, kapena wosamva bwino, musangomusiya pageti n'kubwerera. Pitani mukaonane ndi aphunzitsi ake sabata yoyamba, muwauze, mupemphe kuti akhale kutsogolo. Muzimudzutsa m'mawa kuti asachedwe, chifukwa wochedwa malo ake ndi kumbuyo. Madzulo muzitsegula kope lake, ngakhale inuyo sukulu munalekeza panjira. Kungoona ngati muli cholembedwa cha tsikulo kumakuuzani zambiri. M'miyezi ya Juni ndi Julayi mumuveke juzi ndi masokosi, mumupatsenso chokhalira.

Za chokhalirazo ndinayambapo kale. Zidutswa za nsalu zimene zimatsala ndikamasoka ndinkazitaya kapena kuzipereka kwa opanga zopondera pakhomo. Tsopano ndikuzisokera m'matumba a ufa, kupanga timapilo tathyathyathya toti mwana akhalire. Ndapereka 14 kwa madamu kuti agawire a mizere yakumbuyo, ndipo atelala anzanga awiri a pamsika avomera kundisungira zidutswa zawo. Pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi wa teremu ikubwerayi ndikufuna ndikafunse za penti wa bolodi, chifukwa chitini chimodzi n'chokwanira ndipo makolo a kalasi imodzi tikhoza kusonkherana. Ndikafunsanso za ndalama ya SIG, yotukulira sukulu, imene boma limatumiza m'sukulu, kuti komiti itiuze poyera imene inabwera ndi chimene inagula.

Mu Seputembala mwana wanga akupita Sitandade 3 pasukulu yomweyo. Ahedi andiuza kuti kalasi imeneyo ili ndi zipinda ziwiri koma magulu atatu, ndiye gulu limodzi limaphunzira panja pansi pa mtengo, kusinthana sabata ndi sabata. Ndawapempha kale kuti mvula ikadzayamba ndidzabwerenso kudzakhala nawo.