Ampeg SVT-810E: firiji ya oyimba bezi, mphamvu zake ndi pamene imaperewera

Woyimba bezi akamadandaula kuti sakumveka pakati pa ng'oma ndi magitala awiri, ambiri amamuuza kuti agule ampu (chida chokuzira mawu) ya mawati ochuluka. Kawirikawiri ndalama imeneyo imangolowa m'madzi. Kuchoka pa mawati 300 kufika pa 600 kumangowonjezera 3 dB (muyeso wa kukwera kwa mawu), kusintha kumene khutu limakumva pang'ono chabe. Kuti mawu amveke ngati akwera kawiri pamafunika pafupifupi 10 dB, kutanthauza mphamvu yochuluka kakhumi. Chimene chimakweza bezi kwenikweni ndi kuchuluka kwa mpweya umene masipika akukankha, ndipo ndi muyeso umenewu tikuliunika bokosi la masipika la Ampeg SVT-810E, lija oyimba analipatsa dzina loti firiji chifukwa cha msinkhu ndi kulemera kwake.

Kapangidwe kameneka kanayamba mu 1969, pamodzi ndi ampu ya SVT ya mavalavu yotulutsa mawati 300. M'kati muli masipika 8 a mainchi 10, oyikidwa awiriawiri m'zipinda zinayi zosalumikizana, ndipo bokosi lonse ndi lotseka, lopanda bowo lotulukira mpweya. Limalandira mawati 800 pa 4 ohm (ohm ndi muyeso wa mmene sipika imakanira magetsi), koma kumbuyo kuli poligawira pawiri, theka lililonse n'kukhala 8 ohm ndi mawati 400. Koni ya sipika imodzi ya mainchi 10, chipepala chija chimagwedera, imakhala pafupifupi 340 cm². Zisanu ndi zitatu zikaphatikizana zimakwana pafupifupi 2,700 cm², pamene sipika imodzi ya mainchi 15 imathera cha pa 850 cm². Ndiye kuti firiji imodzi ikukankha mpweya ndi malo oposa a masipika atatu a mainchi 15, ndipo koni iliyonse imangoyenda pang'ono kuti ntchito itheke.

Kuyenda pang'onoko ndiye chuma chake chachikulu. Sipika ikamagwira ntchito yolemetsa, koyilo yake (kawaya kokulungidwa kamene kamagwedeza koni) imatentha, magetsi amayamba kudutsamo movutikira, ndipo mawu amatsika ngakhale simunakhudze batani lililonse. N'chifukwa chake bokosi laling'ono limayamba bwino koma pofika nyimbo yachikhumi bezi imakhala yafooka. Mawati 300 akagawidwa kwa masipika 8, iliyonse imangolandira osakwana 40, choncho mawu amene munayamba nawo ndi amenenso mumatsirizira nawo.

Mawu ake ndi olimba, ogunda pachifuwa, ndipo noti ikatha imathadi osasiya mkokomo. Mpweya wotsekeredwa m'zipinda zija umabweza koni ngati sipuling'i. Koma pali chinthu chimene ambiri amadabwa nacho akawerenga manambala: bokosili limayamba kufooka cha pa 58 Hz (nambala ya Hz ikachepa, mawu amakhala otsika), pamene waya wa E umalira pa 41 Hz ndipo B wa bezi ya mawaya asanu umatsika mpaka 31 Hz. Sikuti manoti amenewo samveka. Waya ukalira umatulutsanso mawu apamwamba pake, 82 Hz kwa E ndi 62 Hz kwa B, ndipo khutu limazindikira notiyo kuchokera pamenepo. Pasiteji yaphokoso zimenezi zimathandiza, chifukwa mawu otsika kwambiri ndi amene amalimbana ndi ng'oma yaikulu n'kulowa m'mamaikolofoni a oyimba. Msinkhu wake nawo ndi mwayi: masipika apamwamba amafika pafupi ndi khutu la munthu woyimirira, pamene bokosi lalifupi limangoyimbira mawondo.

Pamene limaperewera tisabisepo. Kulemera kwake kumaposa makilogalamu 60, ndipo ngakhale lili ndi matayala awiri ndi chogwirira chopendekera nalo, pamasitepe pamafunika anthu awiri. Lilibe twita (kasipika ka mawu apamwamba), choncho pamwamba pa 5 kHz palibe chambiri chimene limatulutsa, ndipo woyimba momenya waya ndi chala chachikulu adzaona kuti kung'anima kuja kukusowa. Wofuna bezi yakuya ya rege yogwedeza pansi sadzakhuta nalo. Ena amayesa kulikakamiza pokweza batani la bezi mpaka kumapeto, koma pamenepo mumangodya mawati n'kuyendetsa makoni mopyola malire, mawu n'kuyamba kuphwephweta. Ngati simukumveka, kwezani pang'ono mawu apakati, cha pa 250 mpaka 800 Hz, n'kutsitsa bezi. Mukamayimba nokha zimamveka zouma, koma gulu lonse likalowa ndi pamene mumaonekera. Chinanso, masipika awiri oyandikana cham'mbali amachepetsa kufalikira kwa mawu apakati, moti woyima kutsogolo amamva zina, woyima pambali amamva zina.

Nkhani ya ma ohm ndi imene imapsereza zida zambiri. Firiji imodzi ndi 4 ohm, ziwiri zikalumikizidwa ku ampu imodzi zimakhala 2 ohm. SVT ya mavalavu ili ndi posankhira 4 kapena 2 ohm, koma muyenera kusankha molingana ndi bokosi, ndipo musayiyatse ilibe bokosi chifukwa thiransifoma yake ikhoza kupsa. Ma ampu ambiri opepuka amakono amalekezera pa 4 ohm, ndiye firiji imodzi yawakwanira kale. Mukawonjezera bokosi lina la 8 ohm mumagwera pa 2.67 ohm, ampu n'kutentha kapena kuzima yokha pakati pa nyimbo. Chingwe chikhale cha sipika, cha mawaya awiri onenepa, chachifupi. Chingwe cha gitala chimalowa pabowo lomwelo koma kawaya kake n'kowonda, kamatentha n'kusungunuka. Pamene pali pulagi ya mtundu wa Speakon gwiritsani ntchito imeneyo, chifukwa imakhoma ndipo siyizuka munthu akapunthwa.

Nanga amene sangathe kunyamula firiji achite bwanji? Njira imene timaikhulupirira ndi mabokosi awiri ofanana ndendende, lililonse la 8 ohm, kuti pamodzi akhale 4 ohm. Mabokosi awiri a 4x10 (lililonse la masipika anayi a mainchi 10) amapereka malo a koni ofanana ndi firiji, ndipo pamalo aang'ono mumangotenga limodzi. Phindu lake limabwera kawiri: kuwirikiza masipika kumawonjezera pafupifupi 3 dB pa mawu otsika, ndipo ampu ya matiransisita ikatsika kuchoka pa 8 kufika pa 4 ohm imatulutsa mawati ochulukirapo, moti zonse pamodzi zimayandikira 5 kapena 6 dB. Mabokosi awiri a 2x12 okhala ndi maginito a neodymium amapepuka kwambiri ndipo amatsika bwino kuposa firiji. Mabokosi a 2x10 muziwaimika choongoka, lina pamwamba pa linzake, kuti masipika onse anayi akhale pamzere umodzi. Mawu amafalikira m'mbali mofanana ndipo amafika kukhutu.

Chimene sitingalimbikitse ndi chizolowezi choyika 4x10 pamwamba pa 1x15. Chimaoneka chanzeru, akuti wamkulu anyamule zapansi, ang'onoang'ono zapamwamba, koma popanda chogawa mawu onse awiri amalandira zofanana. Ngati onse ndi 8 ohm, sipika imodzi ija ikumeza mawati ofanana ndi amene anayi akugawana, choncho imayamba ndiyo kulira molakwika, ndipo poti ili pansi pamene simukuimva bwino, mumazindikira itapsa kale. Komanso mabokosi osiyana mapangidwe sayendera limodzi pa manoti onse, ena amalimbikitsana, ena amafafanizana, ndiye bezi imakhala ndi manoti ena okwera ena osowa.

Mabokosi ambiri amene angalowe m'malo mwa firiji amakhala ndi bowo la mpweya, ndipo amenewa ali ndi ngozi yawoyawo. Bowo limathandiza pamawu amene analichunira, koma pansi pa pamenepo koni imasowa choibweza n'kumangowuluka. Kugunda mawaya ndi chikhato kapena kuyimba B mwamphamvu kukhoza kuing'amba ngakhale mawati ali ochepera amene analembedwa pabokosi. Mankhwala ake ndi HPF, kachida kodula mawu otsikitsitsa, koikidwa pakati pa 30 ndi 40 Hz. Bokosi lililonse likasendezedwa kukhoma mawu otsika amawonjezeka, pakona amawonjezeka kwambiri mpaka kusanduka mkokomo, ndiye yesani kaye kulisuntha musanakhudze mabatani.

Mafiriji ambiri amagulidwa ogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo apa m'pofunika maso. Poti masipika ndi ambiri, imodzi ikafa enawo amabisa, wogula osazindikira. Tengani batire la 9V ndi chingwe cha sipika, mukhudzitse kamphindi kochepa: makoni onse 8 ayenera kusuntha, ndiponso kulowera mbali imodzi. Imene yangokhala chete koyilo yake yaduka, imene ikubwerera m'mbuyo anzake akupita kutsogolo inalumikizidwa mozondoka ndipo ikudya bezi ya inzake. Mita yoyezera ma ohm iwerenge cha pa 3 ohm pa bokosi lonse, chifukwa imaonetsa nambala yocheperako kuposa yolembedwa. Kenako kankhani koni iliyonse pang'onopang'ono ndi zala zotambasula mozungulira pakati pake. Mukamva kukhwekhwereza, koyilo inapindika ndi kutentha. Onaninso ngati masipika onse ndi amtundu umodzi, chifukwa m'bokosili iliyonse ndi ya 32 ohm, ndipo wina akaikamo ya 8 ohm imeneyo imakoka mawati ochuluka kanayi kuposa inzake, ndipo siikhalitsa. Pomaliza lizani E ndi G motsitsa mawu, dzanja lili m'mbali mwa bokosi, kuti mumve ngati pali thabwa lomasuka kapena mpweya wothawira pa sikuluwu.

Kwa gulu la rock kapena lililonse la ng'oma zamphamvu, lokhala ndi galimoto yonyamulira ndi anthu othandiza kukweza, SVT-810E timaivomereza ndi mtima wonse. Woyimba bezi ya mawaya asanu wofuna kuya kwenikweni, kapena wonyamula yekha zida, atenge mabokosi awiri ofanana a 8 ohm, aike HPF, ndipo pamalo aakulu atumize bezi ku mikisa kudzera pa DI (kachida kolumikizira bezi ku mikisa) kuti masipika akuluakulu a PA, aja oloza kwa omvera, anyamule zapansi pa 50 Hz.