Kachipangizo koyeza shuga komata pamkono: kuyeza kamatha, vuto ndi munthu ukayamba kuyendayenda

Ndikupereka nyenyezi zitatu mwa zisanu. Pa kuyeza ndilibe dandaulo. Ziwirizo ndachotsa chifukwa cha zimene zimachitika ukangonyamuka pampando, ndiye amene mukufuna kugula muwerenge kaye musanatulutse ndalama.

Ndili ndi matenda a shuga ndipo ndimabaya insulini. Kachipangizoka kukula kwake ngati batani la jasi, kamamatidwa kuseri kwa mkono, ndipo kali ndi kaulusi kopyapyala kolowa pansi pa khungu. Sikayeza magazi enieni ayi, kamayeza timadzi ta pansi pa khungupo, choncho shuga akamakwera kapena kutsika mothamanga nambala yake imatsalira m'mbuyo ndi mphindi zingapo. Mphindi 5 zilizonse kamatumiza nambala ku foni, ndiye kuti maulendo 288 patsiku. Woyeza shuga pobaya chala angafikeko? Kumata sikupweteka kwenikweni, guluu wake sagonja ndi thukuta kapena madzi osamba. Apa ndawomba m'manja.

Kuti nambala ija ifike kwa akazi anga, amene amaiona pa foni yawo, imadumpha kawiri. Imachoka pamkono kupita ku foni yanga pa Bluetooth, kenako imachoka pa foni yanga kupita ku makompyuta a kampani kudzera pa Wi-Fi kapena pa netiweki ya foni. Malo awiriwa amaduka mosiyana.

Pepala la malangizo limati kachipangizo ndi foni zisatalikirane kupyola mamita 10. Mamita amenewo ndi a pabwalo poyera. Bluetooth imayenda pa 2.4 GHz, mafunde amene madzi amawameza, ndipo thupi la munthu mbali yaikulu ndi madzi. Kachipangizo kakakhala pamkono wamanzere, foni ili m'thumba lakumbuyo lakumanja, thupi langa lomweli limasanduka chotchinga, mzere wa manambala a shuga pa foni n'kuoneka ndi mipata. Kugonera mkono womwewo usiku, chimodzimodzi. Kuntchito ndimayendayenda pakati pa ofesi ndi mosungira katundu modzaza mashelefu achitsulo, ndipo foni ikatsala pa chaji muofesi, ndikangokhota pakhomo basi zaduka. Chondidabwitsa n'chakuti pamalo podzaza anthu ndi mafoni sikavutika kwenikweni, chifukwa Bluetooth yosadya batire imene kamagwiritsa ntchito ili ndi njira 40 ndipo imadumphadumpha kuzemba phokoso la Wi-Fi. Mdani wake ndi khoma, chitsulo ndi nyama ya munthu.

Ukabwerera pafupi ndi foni sizigwirana pompo. Posunga kabatire kake, kachipangizoka nthawi yambiri kamakhala chigonere, kamadzuka nthawi yotumiza ikakwana, ndiye ukaphonya mpata umodzi udikira wina. Zikagwirana kamakhuthula zonse zimene kanasunga uli kutali, mipata ija n'kutsekeka, nambala iliyonse pa nthawi yake yeniyeni. Dokotala akamaona amapeza mzere wathunthu, ndipo izi n'zabwinodi.

Koma apa ndi pamene pagona dandaulo langa. Nambala zimabwerera, alamu sabwerera. Shuga akatsika pansi pa 3.9 mmol/L (muyezo wa kuchuluka kwa shuga m'magazi) foni imayenera kulira, ndipo ine ndinagula kachipangizoka makamaka chifukwa cha kulirako. Tsiku lina ndili pakati pa mashelefu ndinamva manja akunjenjemera, thukuta lozizira pamphumi, zilembo za pa makatoni zikuvina. Ndinadya kaye kanthu kotsekemera, n'kubwerera muofesi pang'onopang'ono. Foni itagwira, mzere unadzaza bwinobwino, ukuonetsa mmene shuga anatsetserekera mpaka 3.3 ndili kutali. Kachipangizo kanaona zonsezi kali pamkono panga penipeni, koma kalibe pakamwa, sikalira, sikanjenjemera. Chenjezo lakuti kulumikizana kwaduka lilipo, inde, koma limalira patapita mphindi zambiri, ndiponso limalirira pa foni yomweyo imene yatsala patebulo. Ndiye likuchenjeza ndani?

Kudumpha kwachiwiri kuli ndi kachinyengo kake. Ndikamatuluka m'nyumba foni imakakamirabe Wi-Fi yapakhomo ngakhale yafooka kale, m'malo mosamukira msanga pa netiweki ya foni. Nthawi imeneyo kwa akazi anga kumakhalabe nambala yakale. Pulogalamu ya pa foni yawo imalemba nambalayo m'zilembo zazikulu, pamene mawu osonyeza kuti yakhalitsa ali m'tizilembo totuwa ta pansi. Munthu woyang'ana mothamanga akaona 6.2 mtima umakhala pansi, osadziwa kuti ndi nkhani yakale. Nambala yogona ikanamafufutidwa kapena kudulidwa mzere, kuti woona adziwe kuti sakudziwa. Chotonthoza n'chakuti bandulo ya intaneti ikatha kapena netiweki ikasowa, alamu ya pa foni yanga imagwirabe ntchito, chifukwa imangodalira Bluetooth. Amene amatsala mumdima ndi okutsatira kutali.

Palinso nkhani ya foni yeniyeniyo. Mafoni ambiri amagonetsa mapulogalamu amene sukuwagwiritsa ntchito pofuna kusunga batire, ndipo pulogalamu ya kachipangizoka ikagonetsedwa imasiya kumvetsera kachipangizo mwakachetechete. Uyenera kulowa m'masetingi n'kuuza foni kuti iyi yokha isaikhudze. Malangizo amenewa anawabisa kumapeto kwa kabuku, pamene anayenera kukhala patsamba loyamba. Foni ikalandira apudeti muzikayang'ananso, chifukwa kwa ine zinabwerera mwakale osandiuza. Nditaimbira othandiza makasitomala anandiyankha mwaulemu, kungoti yankho lawo pa chilichonse ndi kuzimitsa Bluetooth n'kuyatsanso. Wachiwiri amene ndinalankhula naye ndiye anandifunsa mbali imene ndimasunga foni, funso limene linathandiza kuposa zonse.

Kachipangizo kamagwirana ndi foni imodzi basi. Yanu ikazima, simungangobwereka ya mnzanu n'kupitiriza, pamafunika kulowa mu akaunti yanu ndi nambala yolembedwa pa chida chomatira kachipangizoka pamkono, ndiye musachitaye msanga. Oyenda maulendo odutsa maiko, siyani foni izisintha yokha nthawi, musamaisinthe pamanja.

Amene foni sichoka m'thumba mwanu mukondwa nako, bola muziika mbali imene kuli kachipangizo. Amene ntchito yanu salola foni, kapena mukugulira mwana kapena agogo amene amaiwala foni pampando, ganizirani kawiri, ndipo makina obayira chala aja musawataye. Kwa opanga, pempho langa ndi limodzi: ikanimo kanthu konjenjemera pamkono shuga akatsika, ngakhale kachipangizoko kanenepe pang'ono. Mukatero ndibwera kudzawonjezera nyenyezi.