Pa chimfine: masamba a bulugamu, mafuta a mkabotolo kapena Vicks?

June ndi July akafika, makamaka kummwera kuno chiperoni chikayamba, nyumba iliyonse mumamveka kutsokomola ndi kufwenthera. Ndiye anthu akumafunsana kuti kodi tipitilize kuwiritsa masamba a bulugamu ngati mmene amachitira makolo, kapena tigule timabotolo ta mafuta a bulugamu tomwe tikupezeka mmafamase ndi pa Facebook, kapena basi tingopaka Vicks nkugona. Zitatuzi fungo lake ndi lofananako ndithu koma mphamvu zake zimasiyana kutalitali, ndipo kusiyanako nkomwe anthu ambiri sakukuganizira.

Tiyambe ndi masamba. Bulugamu kwawo ndi ku Australia, kuno adabwera nthawi ya atsamunda pofuna mapolo ndi nkhuni, lero ali paliponse mpaka timangomutenga ngati mtengo wathu. Fungo lija limachokera ku mafuta omwe ali mkati mwa tsamba, mukaliyang'ana padzuwa mumaona timadontho ting'onoting'ono, ndipo chomwe chimalasa mphuno kwambiri chimatchedwa cineole. Mafutawo ndi ochepa zedi, patsamba amangokhala 1 mpaka 3 peresenti basi, ndiye mukawiritsa masamba odzadza mmanja mupoto, zomwe zimakwera ndi nthunzi ndi zochepa moti munthu wamkulu sizingamuvulaze. Ubwino wake ndi umenewo, kuphatikizapo kuti ndi aulere. Koma dziwani kuti bulugamu ali mitundumitundu, wina monga grandis cineole wake ndi wochepa, ndiye musanathyole tikitani tsamba mmanja mununkhize, ngati silikulasa mphuno pitani pa mtengo wina.

Vuto la masamba silili mmasambamo koma mupoto. Ambiri tikukumbukira 2021 nthawi ya Covid mmene mitengo idayoyoledwera masamba, aliyense bulangete kumutu poto wowira pansi, ana omwe kukokeredwa momwemo. Mwana akatenthedwa amaphiriphitha, akangogunda potoyo ndi mwendo madzi owira onse amathera pantchafu ndi pamimba, ndiye chimfine chomwe chikanatha chokha pa sabata imodzi chasanduka bala loti agonekedwe nalo kuchipatala. Ena amafika polowetsa mbaula yamakala mkati mwa bulangete kuti madzi asazizire, chonde izi ayi, mpweya woipa wochokera ku makala sununkha koma umakomola munthu mpaka kupha. Phulani poto, dikirani pang'ono, thirani mubeseni, ikani pansi pamalo posagwedezeka, ndipo nkhope isayandikire kwambiri. Izi nza akuluakulu okha.

Tsono mafuta a mkabotolo. Apa mpomwe ndikufuna tikhalitsepo chifukwa ogulitsa ambiri amangoti ndi zachilengedwe zilibe vuto, zomwe sizoona. Mafutawa amawatcheza ndi nthunzi, masamba okwana makilo 100 amatulutsa mwina lita imodzi kapena awiri okha, ndiye tangoganizani kuti kabotolo ka 10 ml kaja kasonkhanitsa masamba ochuluka bwanji. Kusiyana kwake kuli ngati kwa thobwa ndi kachasu, zonse zimayambira ku mbewu koma simungamwe muyezo umodzi. A bulugamu wa mtundu wa Eucalyptus globulus, omwe amagulitsidwa kwambiri, cineole wake amafika 70 peresenti kapena kuposa.

Ubwino ulipo, sitikana. Kwa munthu wokhala mtauni pomwe palibe mtengo pafupi, kapena abale athu ali ku Johannesburg ndi ku UK, madontho awiri kapena atatu mubeseni lamadzi otentha kapena pa kansalu akwanira, sizifuna nkhuni, kabotolo kamodzi kamatha nyengo yonse yozizira. Koma mafutawa samwedwa, ngakhale dontho mu tiyi ayi. Mwana akameza ochepa chabe, osakwana ndi sipuni yaing'ono yomwe, amatha kuyamba kusanza, kuwodzera, kukomoka ngati wakhunyu, ndipo zikatero musamusanzitse kapena kudikira kuti tione kaye, thamangirani naye kuchipatala mutatenga kabotoloko. Pakhungu napo osathira okhaokha, amawotcha, sakanizani dontho limodzi kapena awiri mu sipuni yaing'ono ya mafuta ophikira kapena a kokonati. Amene ali ndi mphumu asamale chifukwa fungo lamphamvu chonchi ena limawayambitsira kubanika, ndipo amayi oyembekezera bola afunse kaye kusikelo.

China, timabotolo tambiri ta pamsika si mafuta a masamba enieni, ndi perefyumu wonunkhiritsa mnyumba. Onani ngati palembedwa dzina la mtengo lachi Latin lija, komanso enieni amakhala mukabotolo kagalasi kakuda chifukwa dzuwa limawawononga. Ka pulasitiki kowonekera mkati, kopanda chizindikiro cha komwe kachokera, ine sindingakaike pafupi ndi mphuno ya munthu wodwala.

Vicks ndiye ali pakatikati. Adayambira ku North Carolina ku America, wopanga wake Lunsford Richardson, ndipo adatchuka kwambiri nthawi ya mliri wa fuluwenza wa 1918. Mkati mwake muli camphor, menthol ndi mafuta a bulugamu ochepa chabe, pafupifupi 1 peresenti, zonse zosakanizidwa kale mu mafuta onga Vaseline. Chomwe ndimamukondera nchakuti muyezo adakuyezerani kale, simungalakwitse madontho. Menthol uja amachititsa kuti mphuno izimva kuzizira ndiye umaona ngati yatseguka, ngakhale kuti njira ya mpweya ili chimodzimodzi, komabe munthu amagona bwino ndipo tulo kwa wodwala ndi chinthu chachikulu. Malamulo ake ndi omwe timaphwanya tsiku ndi tsiku: osapaka mwana wosakwana zaka 2, osalowetsa mkati mwa mphuno, osanyambita, komanso osamusungunula mmadzi owira kapena pamoto, zalembedwa pakabotolo pomwepo koma ndani amawerenga. Pakani pachifuwa ndi pakhosi basi.

Nanga ndisankhe chiti? Kwa wamkulu amene ali pafupi ndi mtengo, masamba akwanira, palibe chifukwa chotayira ndalama pa kabotolo. Usiku pogona Vicks amaposa onse chifukwa sangakutenthe. Mafuta a mkabotolo ndimawaika kumapeto, osati poti ndi ofooka koma poti mnyumba zathu zambiri muli ana ndipo mulibe kabati yokiya, kabotolo kamangokhala pawindo kapena pa tebulo pomwe kamwana kokwawa kangafikire. Ngati mwagula kale, kaikeni pamwamba penipeni.

Kwa ana aang'ono pa zitatuzi palibe chomwe ndingalimbikitse. Chomwe chimathandiza chifuwa cha mwana ndi uchi, theka la sipuni yaing'ono kapena yodzadza asanagone, kaya mmadzi ofunda a mandimu, koma akhale woti wakwanitsa chaka chimodzi, wosakwana chaka uchi ungamudwalitse koopsa. Wakhanda ndi bere pafupipafupi ndi timadontho ta madzi amchere ta kufamase mmphuno. Akuluakulu tiyi wa jinja, mandimu ndi uchi amafewetsa pakhosi bwino lomwe, adyo mukafuna ikani koma osachulutsa ngati muli ndi zilonda zammimba.

Komanso tisanamizane, palibe chimodzi mwa izi chomwe chimapha kachilombo ka chimfine. Zimangochepetsa kuvutika pomwe thupi likulimbana lokha, masiku 7 mpaka 10, ndipo amoxicillin yemwe anthu amangogula pa grosale naye sagwira pa chimfine wamba. Thupi likatentha musangoti ndi chimfine, kayezetseni malungo. Chifuwa chikapitilira masabata awiri, makamaka ngati mukutuluka thukuta usiku ndi kuwonda, siyani bulugamu mukapereke makhololo ayeze TB, mzipatala za boma ndi ulere. Mwana ndiye muwerengeni kapumidwe atakhala phee: wa miyezi 2 mpaka 11 akamapuma ka 50 kapena kuposa pa mphindi imodzi, wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 ka 40, kapena pansi pa nthiti pakamalowa mkati akamakoka mpweya, chikhoza kukhala chibayo ndipo akuyenera kuonedwa kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku.