Diramu inafika, koma mafilimu a amalume anafika operewera

Amalawi anzanga amene muli kuno ku UK, ngati muli ndi chinthu chimene simungachipezenso m'sitolo chikasowa, musachiike m'diramu. Zovala, nsapato, mapoto ndi mafuta odzola tumizani pa kontena monga timachitira nthawi zonse. Koma chinthu chimene munachisaka movutikira chipezereni njira ina. Ndikulemba mtima ukuwawabe ndi zimene anandichita ejenti wina wa door to door, ndipo ndikufuna mudziwe mmene zinayendera musanapereke ndalama zanu.

Zimene ndinatumiza ine anali mafilimu akale oopsa, aja a zilombo zochokera kumlengalenga ndi a asayansi opanga zinthu zimene zimadzawatembenukira. Ndinkatumizira amalume anga. Iwowa anali ndi vidiyo sho ku Ndirande m'zaka za m'ma 1990, dziko lathu lisanakhale ndi wailesi yakanema yakeyake, paja TVM inayamba mu 1999. Masana ankaonetsa za karate ndi za nkhondo poti ndizo zinkabweretsa ndalama, koma sho yomaliza ya usiku inali yawo, ankaika zimene mtima wawo umakonda. Pano anakula, bizinesi anaisiya kalekale, koma deki yawo ya matepi ikadalipo ndipo ikugwirabe ntchito, pambali pake pali puleya ya DVD. Ena mufunsa kuti bwanji osangowaikira pa fulashi. Anyamata oika mafilimu m'mafulashi amakhala ndi za akishoni zomasuliridwa m'Chichewa, filimu ya black and white ya 1951 simungaipeze kwa iwo. Komanso amalume amafuna kugwira kava m'manja, kuwerenga kumbuyo kwake, kuona chaka ndi mayina a amene anasewera.

Kuno zinthuzi anthu akuzitaya. M'ma charity shop ndi ku car boot sale DVD mumaipeza pa paundi imodzi, mwina osafika n'komwe. Koma zabwinozo sizipezeka tsiku limodzi, mumayenda n'kuyenda. Ndinapeza The Thing ya John Carpenter ya 1982, ija ya amuna otsekeredwa ndi chisanu ku Antarctica osadziwa kuti pakati pawo amene akadali munthu weniweni ndi uti. Ku sinema filimu imeneyi sinayende bwino. Inatuluka patangopita milungu iwiri chitulukire E.T., filimu ya mlendo wochokera kumlengalenga, ndipo anthu anathamangira kukaona mlendo wachifundo uja kusiya woopsayu. Inadzatchuka pambuyo pake kudzera m'matepi oonera kunyumba ndi pa TV, ndiye kuti mbiri yake inakulira m'madeki ngati ya amalume yomweyi. Ndinapezanso inzake yakale ya 1951, The Thing from Another World, yomwe nkhani yake ikuchitikira ku Arctic. Chachikulu pa zonse chinali bokosi la Alien lomwe linatuluka mu 2003, la madisiki 9. Muli mafilimu anayi, iliyonse m'mitundu iwiri, disiki ina yofotokoza mmene iliyonse anaipangira, ndi imodzi yoonjezera pamapeto. Pamwamba pa izi ndinaikapo matepi angapo a VHS, aja a makava akuluakulu amene ankabwereketsa m'mashopu kale.

Ejentiyo ndinamupeza pa gulu la WhatsApp monga ambiri timawapezera. Ndi Mmalawi mnzathu, wolankhula mokoma, ndipo anafika ndi vani pa nthawi imene tinagwirizana. Ndinamufunsa diramu isanakwere kuti, "Achimwene, mtengo umenewu ukuphatikiza zonse, msonkho ndi kukasiya pakhomo?" Anayankha kuti, "Achemwali, musadandaule. Mukalipira pano kwatha, amalume angosainira basi." Ndinamuonetsa katoni ya mafilimu imene inali pamwamba pa zovala, ndinaijambula, iye n'kutseka chivundikiro ndi kachingwe kapulasitiki kokhala ndi nambala. Nambalayo ndinaijambulanso. Pa risiti analemba household goods basi, n'kunena kuti ndi mmene amalembera aliyense. Anati katundu afika pakati pa milungu 6 ndi 8.

Nthawi imeneyo inakwana n'kudutsa. Ndikafunsa, lero akuti sitima ili panjira, mawa akuti yafika ku Beira koma padoko pali mzere, kenako akudikira thiraki, kenako ali pa Mwanza. Ndinadzamva kwa mayi wina amene anatumiza nthawi imodzi ndi ine kuti madiramu athu anakhala nthawi yaitali pabwalo kuno konkuno, kudikira kuti kontena idzaze. Ndiye kuti nthawi imene ankandiuza za sitima ija, katundu anali asananyamuke. Kuchedwa pakokha ndikanapirira. Tonse tikudziwa kuti kwathu kulibe nyanja yamchere, katundu amayenera kutsikira ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam n'kuyendanso ulendo wina wa pamtunda. Chimene sindingapirire ndi bodza, makamaka bodza limene ine ndinkalipititsa kwa munthu wamkulu amene ankadikira ndi chimwemwe.

Kenako amalume anaimbiridwa foni ndi mnyamata wina wa ku Limbe. Anawauza kuti diramu yafika koma abwere ndi ndalama ya kiliyarensi ndi ya malo osungira, ndipo ya kusungirayo ikukwera tsiku ndi tsiku. Mtengo anautchula m'mapaundi n'kuusintha pa reti ya pamsewu, moti unafika pafupifupi theka la ndalama imene ndinali nditalipira kale. Ndinaimbira ejenti wa kuno, foni yosayankhidwa. Mameseji ankawerenga koma zii. Atayankha anati, "Achemwali, amenewo ndi anzathu a kumeneko, ndi kampani ina, ine sindingawalamule." Apa ndiye pamene pali msampha wonse, abale anga. Wotenga ndalama kuno ndi wina, wogwira katundu kumudzi ndi wina, ndipo zikavuta aliyense amaloza mnzake. Ndinalipira chifukwa ndalama ya kusungira inkangokwera, komanso sindikanalola amalume, munthu wa matenda a miyendo, azikwera maminibasi kupita ku Limbe kukakangana ndi anyamata. Risiti ya a zamsonkho sitinaione. Kukasiya pakhomo kuja kunalibenso, tinachita kupeza tokha galimoto ya hayala.

Potsegula, nambala ya kachingwe inali ina. Zovala zonse zinalimo, nsapato zinalimo, koma katoni ya mafilimu inali itamatidwanso ndi selotepi ya mtundu wina. M'bokosi la Alien munasowa madisiki atatu, kuphatikizapo ya filimu yoyamba ya 1979, imene amalume ankaifuna koposa zonse. Kava ya The Thing inafika yopanda kanthu m'kati. Amene anachita zimenezi sanachite mwachangu ayi, anali ndi nthawi yotsegula kava iliyonse, kusankha, n'kubwezeretsa zotsala bwinobwino kuti zisaoneke. Amalume anandiimbira n'kunena modekha kuti, "Mwana wanga, zikomo, zambiri zafika," koma mawu awo ankamveka kuti akhumudwa, ndipo ine zinandipweteka kuposa ndalama ija.

Matepi a VHS nawo anafika atachita nkhungu, zoyera ngati awaza ufa m'kati mwa kagalasi kaja, ndipo imodzi inali itapindika. Pa ichi ndikumvetsa chimene chinachitika. Kontena ndi chitsulo, masana imatentha koopsa ikakhala padzuwa padoko, usiku ikazizira m'kati mumachita mame. Tepi ya maginito sigwirizana ndi kutentha ndi chinyezi, ndiye ikakhalitsa m'malo otere imawonongeka. Kuchedwa kuja ndiko kunaonjezera vutoli. Koma kutentha sikutsegula kava n'kuchotsamo disiki.

Nditamupanikiza, ejenti anati mwina ndi a kasitomu anatsegula. Inde, a kasitomu ali ndi ufulu wotsegula katundu n'kuona zili m'kati, palibe amene akutsutsa. Koma akatenga chinthu payenera kukhala pepala, ndipo nditapempha pepalalo panalibe chimene anandionetsa. Kenako anasintha nkhani n'kuyamba za chipukuta misozi, ndipo apa ndikufuna mumvetsere bwino. Malamulo amene makampani ambiri onyamula katundu kuno amayendera amawerengera chipukuta misozi pa kulemera kwa katundu wosowayo, pafupifupi mapaundi awiri pa kilogalamu, pokhapokha mutagula inshuwalansi kapena mutagwirizana za mtengo wa katunduyo polemba. Disiki imodzi imalemera pafupifupi magalamu 16. Madisiki anayi osowawo sakukwana ngakhale magalamu 100, ndiye pa sikelo yawoyo chimene angandibwezere ndi timakobiri tosagula ngakhale buledi. Kwa iwo bokosi la madisiki 9 lasowa kachidutswa chabe, pomwe kwa munthu wosunga mafilimu bokosi loperewera latha ntchito, ndipo madisiki ake sagulitsa imodziimodzi m'sitolo. Zimenezi sizikukhudza mafilimu okha. Zithunzi za ukwati, mabuku akale, masatifiketi, chilichonse chopepuka koma chofunika chili pa ngozi yomweyi m'diramu.

Si onse ali choncho, ndipo ndiyenera kuyamikira mayi wina amene amatumiza katundu wochepa pa ndege, wolipiritsa pa kilo. The Thing ndinaipezanso, pamodzi ndi mafilimu ena ochepa, ndipo ndinadzera kwa iwo. Anayeza ine ndikuona, analemba dzina la filimu iliyonse pa fomu, anandifunsa mtengo wake, n'kundiuza poyera kuti msonkho wa kumudzi suli mu mtengo wawo ndipo ukafunika wolandira adzalipira yekha kwa a zamsonkho n'kulandira risiti. Anandipatsa nambala yotsatirira katundu, ndipo tsiku limene ndege inasintha anandiimbira okha ndisanafunse. Pa kilo ndi okwera mtengo kuposa kontena, koma madisiki ndi opepuka moti zonse pamodzi sizinandipweteke. Mayi amenewa ndikhala nawo, ndipo ndimauza aliyense wondifunsa.

Ndi iwonso amene anandiphunzitsa za kukula kwa katoni. Pa ndege sayang'ana sikelo yokha. Amachulukitsa utali, mulifupi ndi msinkhu wa katoni m'masentimita n'kugawa ndi 6000, ena ndi 5000, ndipo mumalipira chimene chakula pakati pa nambala imeneyo ndi kulemera kwenikweni. Makava apulasitiki ndiwo amadya malo. Choncho chotsani madisiki muwaike m'kachikwama ka madisiki, mapepala a pakava muwasolole n'kuwayala m'envelopu, zimenezo zikwere ndege kapena zipite ndi m'bale amene akupita kumudzi. Makava opanda kanthuwo ndiwo angapite m'diramu, palibe amene angawasirire.

Pogula, yang'anani kachizindikiro ka dera kuseri kwa kava, chifukwa mapuleya ena amakana madisiki a dera lina. Ma DVD a kuno ndi a dera 2, chimodzimodzi a ku South Africa. A ku America ndi a dera 1, pomwe Malawi ali m'dera 5. Mapuleya otchipa amene ali m'misika kwathu ambiri amalola madera onse, ndipo ya amalume imasewera a kuno popanda vuto, koma funsani kaye wolandirayo ayesere. Blu-ray, mtundu wa disiki umene unabwera pambuyo pa DVD, ilibe vuto limeneli pakati pa kuno ndi kwathu chifukwa Europe ndi Africa onse ali m'dera B, a ku America ndiwo a dera A. Matepi a kuno amajambulidwa mwa njira yotchedwa PAL monga kwathu, pomwe a ku America ndi a njira ina yotchedwa NTSC ndipo madeki ena akale samawaonetsa bwino. Mafilimu akale oopsawa ambiri otsatsidwa pa intaneti amachokera ku America, ndiye werengani bwino musanalipire.

Tepi ikachita nkhungu musaiike mu deki, imadetsa mahedi n'kupatsira matepi ena. Kumbukirani kuti madeki atsopano anasiya kupangidwa mu 2016, ndiye ya amalume ikafa kupeza ina n'kovuta. Ngati mukufunabe kutumiza matepi, aikeni m'mapulasitiki otsekeka bwino pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi tija timabwera m'mabokosi a nsapato, ndipo asayende pamadzi. Chinanso, tumizani madisiki enieni, filimu iliyonse imodzi. Mukaika yofanana yambirimbiri imaoneka ngati ya malonda, ndipo kwathu kuli lamulo loyang'anira mafilimu oonetsedwa kwa anthu kuyambira 1968. Muwauzenso a kunyumba kuti nambala 15 kapena 18 ili pakava ndi ya zaka za woonera, chifukwa mafilimu ngati Alien si oonera limodzi ndi adzukulu.

Ejenti uja akutsatsabe m'magulu athu ngati palibe chinachitika. Musanamupatse diramu iyeyo kapena wina aliyense, muuzeni alembe pa risiti kuti mtengo ukuphatikiza msonkho, kusungira ndi kukasiya pakhomo, alembe amene adzagwire katundu kumudzi, tsiku limene kontena inyamuke, ndi nambala ya kachingwe. Akakana kulemba, tsitsani diramu yanu. Ine ndamulembera kalata yofuna ndalama yoonjezera ija, ndipo akapanda kubweza ndikasuma ku khoti la milandu ing'onoing'ono ya ndalama, poti mgwirizano wathu tinapangira kuno ku England. Amene munalipitsidwapo ya kiliyarensi ndi ya kusungira mutauzidwa kuti zonse zalipiridwa, musafufute mameseji, zithunzi ndi marisiti anu, ndipo tilumikizane kuti madandaulo athu akafike pamodzi.